Gombeza Langa ndi Nkhufi za Che Bonomali

Amene anandilakwira kuposa anthu onse pa moyo wanga ndi Che Bonomali, amjomba awo a agogo anu aakazi. Anaotcha gombeza langa pakati pa mudzi, masanasana, anthu onse akuona, nalengeza kuti ine Tomasi ndabweretsa nsikidzi zimene zikudwalitsa mwana. Gombezalo likufuka, anandilozera njira ya ku Vila, nati mkazi ndikafunsire kwa nsikidzi zinzanga. Mkazi ankandikanizayo ndi yemweyu amakukalipirani mukalowa m'nyumba ndi matope, ndiye mitima ikhale pansi, nkhaniyi inatha bwino. Koma mmene inathera, ana inu, ndikufuna mumve kwa ine, chifukwa agogo anuwo akamaifotokoza amadumpha malo onse amene ine ndinaoneka ngati mwamuna.

Ndikulemba ndi dzanja langa, ndiye iwe Zeka usaseke zilembo zopendekekazi. Sukulu ndinaisiyira pa segunda kalasi. Tsiku lina mphunzitsi anandimenya m'manja ndi mbalamatodya, thabwa lomenyera ana asukulu, chifukwa cha liwu lina la Chipwitikizi limene lilime langa linkakana kulitembenuza. Atalikwezanso thabwalo, ndinamulanda, n'kuliponya padenga, n'kutuluka osatseka chitseko. Amayi ankati mtima wanga ndi udzu wa m'chilimwe, sufuna nkhuni, mbaliwali imodzi basi. Ena mwa inu mwatengera. Sinditchula dzina, koma Jowana akudziwa.

Masiku amenewo Lichinga uyu ankatchedwa Vila Cabral, ife tinkangoti ku Vila. Misewu inali ya fumbi lofiira, magalimoto oti ukamva limodzi umatuluka kukaliona. Chisanu chokha ndiye chinali chomwechi, mwinanso choposa, chifukwa majuzi amene mumachita kusankha mitunduwa kunalibe. Ntchito ndinaipeza mu brigada ya zaumoyo, kagulu kamene kankayenda m'nyumba za anthu kupopera mankhwala. Ine ndinali wonyamula bomba, chigubu chachitsulo cha malamba chopopa ndi dzanja. Lero mumagula kachitini ku loja, psii psii, mwatha. Ife tinkasungunula ufa wa dedete m'ndowa, kuuvundula ndi mtengo, n'kuubereka kumsana tsiku lonse ngati mwana wokana kuyenda. Mkulu wathu anali a Fabiyao, enferimeru, ndiye kuti namwino, wa konkuno, bambo wamfupi wadazi, wosathamanga ngakhale mvula ikugwa.

Chinthu choyamba kugula ndi thukuta langa chinali gombeza lija. Lofiirira, la mizere yakuda m'mphepete, lolemera ngati chikopa cha ng'ombe. Inu simungamvetse. Kwathu tinkafunda moto, ndipo amuna a msinkhu wanga akakweza buluku mumaona zipsera m'miyendo. Ndiye mnyamata wokhala ndi gombeza lakelake anali munthu. Ndinkalipinda n'kuliika paphewa ngakhale popita kumsika dzuwa lili phwee.

Kumsikako ndi kumene ndinakumana ndi agogo anu a Luwisa, atakhala kumbuyo kwa mulu wa batata za ku Lione. Ndinaima patsogolo pawo, gombeza paphewa, ndikuyesa kuti andisirira.

“Achimwene, imani patali pang'ono,” anatero. “Batata zanga zingayambe kununkha chipatala.”

Magazi anandikwera. “Fungo limeneli ndi limene likupulumutsa ana anu!”

“Ana anga ati? Mwandipatsa ndinu?”

Azimayi a mzere wonse anagwa nako kuseka. Ndinagula batata zimene sindinkazifuna, mawa lake ndinagulanso, mpaka a Fabiyao anandifunsa ngati ndatsegula otela.

Ankhoswe atayankhulana, ndinayamba chikamwini. Kale mwamuna sankatenga mkazi ngati katundu wa pa njinga ayi. Unkapita kumudzi kwa mkaziyo, kulima munda wa apongozi, kugona m'kakhumbi ka kumapeto kwa mudzi, mpaka mwinimbumba, ndiye kuti mlongo wa apongoziwo, akulozere pomanga nyumba. Asanakulozere, ndiwe mlendo chabe. Ine ndinkanyamuka Loweruka ndikaweruka, wapansi mpaka kumudzi kwawo kufupi ndi Lione. Apongozi anga, Abiti Amini, sindinkaonana nawo maso ndi maso, ndipo m'nyumba mwawo sindinkapondamo. Mukakumana panjira, umalumphira kutchire. Tsiku lina ndinalumphira m'chitedze, ndipo ndinakhala momwemo, ndikudzikanda mwaulemu, mpaka anadutsa. Lero ndimaona akamwini akudya mbale imodzi ndi apongozi, mpira akuonera limodzi. Kaya.

Mwinimbumba anali Che Bonomali aja. Iwo anakwatira kutali, kuchigwa kotentha, m'mbali mwa njira yakale ya amtengatenga. Anakwera kuno nthawi yokolola kuti adzaone mkamwini, ndipo anakhalitsa mpaka chisanu chinalowa. Anali munthu wamtali, wa kofiya yoyera, woyankhula ngati akugawa nyama. Anali ndi thumba la chikopa cha mbuzi limene sankalola munthu kulikhudza. Iwo ankagona m'nyumba ya alendo, koma thumbalo analipachika pamzati m'nyumba ya mlongo wawo, pafupi ndi mafuwa, poti m'menemo simulowa munthu wamba. Ine sanandikonde chiyambire. Ankati mkamwini wa ku Vila ali ngati nkhuku yogula, imadya kuno, mazira kukaikira kwina.

Ndiye mlamu wanga Roza, mng'ono wake wa Luwisa, anadwala. Ndi agogo a ku Chimbonila aja amakupatsani mapichesiwa, nthawi imeneyo anali kamtsikana kopanda mano akutsogolo. Malungo ake anali achilendo. Thupi moto, mutu kuwawa, kenaka n'kudzuka kukasewera ngati palibe kanthu, anthu n'kumati wachira. Posakhalitsa abwereranso, oposa oyamba. Nditamva kuti mwana akunjenjemera, ndinapereka gombeza langa kwa Luwisa kuti akamufunditse, ine n'kubwerera ku Vila paphewa pali pululu.

Loweruka lotsatira ndinapeza anthu atasonkhana pabwalo, moto ukuyaka pakati, Che Bonomali atakoleka gombeza langa kunsonga ya mtengo ngati njoka yakufa.

“Ndi uyu wafika,” anatero, “dotolo wathu wa nsikidzi.”

Anazungulira bwalo akuonetsa anthu kanthu kali pachikhadabo chawo, kakang'ono, kofiirira, kotupa ndi magazi. Atafika pa ine anakatswanya msangamsanga ndisanakaone bwino.

“Munthu uyu tsiku lonse amalowa m'nyumba zauve za ku Vila. Zothawa mankhwala ake zimathawira kuti? M'gombeza mwake. Ndiye wafunditsa mwana wathu. Mudzi uno unali ndi matenda otere iyeyu asanabwere?”

“Mwanayo anayamba kudwala gombeza ndisanapereke!” ndinakuwa.

“Mukumva? Nsichi sanazike ndi imodzi yomwe, wayamba kale kuyankha akuluakulu.”

Anaponya gombezalo pamoto. Ana inu, ubweya ukamapsa umanunkha ngati mbuzi yowauka, ndipo fungo limenelo mpaka lero ndikalimva mano amandiluma. Sindikudziwa mmene munsi unafikira m'manja mwanga. Ndinangoona Luwisa waima pakati pa ine ndi amjomba ake.

“A Tomasi, mukawakhudza, ine ndiye mwandisiya. Ikani pansi.”

Ndinaumenyetsa pamtondo umene unali pambali, mtondo n'kung'ambika pakati. Che Bonomali analoza njira, nanena mawu aja a nsikidzi zinzanga. Ana a m'mudzi anandiperekeza akuimba “Che Nsikidzi, Che Nsikidzi” mpaka kumtsinje. Choipitsitsa n'chakuti mumtima ndinkakayika. Nanga ndikanadziwa bwanji? Ndinkapopera tizilombo tsiku ndi tsiku, koma sindinkatidziwa. Mwina zinalidi nsikidzi zanga.

Chisanu cha chaka chimenecho ndinachigona m'masaka a nyemba. Ndinkakangana ndi aliyense, ngakhale galu wa pachipatala ankandipatukira. Mkati mwa nyengo yomweyo a Fabiyao anatisonkhanitsa kuseri kwa chipatala, nati mankhwala akuonongeka chifukwa tikungopopera chilichonse ngati akhungu. Pakufunika anthu oyendera nyumba, olowa poyamba, kuona chimene chilimo, n'kunena mankhwala ake. Ofuna ntchito imeneyo aphunzire kaye thupi la kachilombo. Nditamva zoti kuphunzira ndinafuna kuchoka. Koma anatulutsa kathabwa, pamwamba pake atabayapo chiwala ndi minga.

“Tomasi, ichi n'chiyani?”

“Ndiwo.”

Anzanga anaseka. A Fabiyao sanaseke. “Wadyapo zambiri?”

“Zodzaza nkhokwe.”

“Chili ndi miyendo ingati?”

Ndinali ndisanaiwerengepo. Ine amene ndinkathothola miyendo ya ziwala kuyambira ndili wamaliseche! Anandiitana pafupi, nandigwiritsa kaudzu kolozera. Itatu uku, itatu uku. Kenaka anati, “Tsopano ona pamene yamera.”

Ee, ana inu, tsiku limenelo mutu wanga unatseguka ngati dzungu logwa pankhokwe! Kachilombo kali ndi zigawo zitatu, mutu, chifuwa ndi mimba. A Fabiyao ankatchula m'Chipwitikizi, kabesa, torakisi, abidomeni, ndipo taonani, lilime lomwe lija linakana kusukulu linatembenuka lokha popanda mbalamatodya. Kumutu kuli maso, kamwa ndi tinyanga tiwiri tofufuzira njira ndi kununkhizira. Miyendo yonse isanu ndi umodzi, pamodzi ndi mapiko, zimamera pachifuwa pokha. Mimba ilibe mwendo ndi umodzi womwe. Ndinakana, ndinati n'zachiwala chokha zimenezo. Ndinagwira ntchentche, chimodzimodzi. Mphemvu, chimodzimodzi. Nyerere, njuchi, nankafumbwe wa m'chimanga, onse mtundu umodzi, ngati ana a mayi mmodzi ovala mosiyana!

Ndiye anatiuza kuti chiwala sichipumira m'mphuno, chimapumira timabowo ta m'mbali mwa mimba. Apo ndinati akuluwa akutinamiza. Ndinagwira chamoyo, kuchimiza mutu m'chikho cha madzi, kudikira mpaka mkono unatopa. Ndikuchitulutsa, chinandimenya chidendene n'kuuluka. Ndinathamanga kukawauza a Fabiyao ngati ndatola nyanga ya njovu. Anangoti, “Ndinakuuza dzulo.” Anatiuzanso kuti mafupa a kachilombo ali kunja, kamavala ngati malaya, ndipo kakakula kamafundula. Ndiye ukalowa m'nyumba usamangofuna kachilombo kamoyo, funa malaya ake otayidwa m'ming'alu, akuuza mwini wake.

Koma chimene chinandipengetsa ndi lenti, kagalasi kozungulira kokuza zinthu, kamene ankakasunga m'kansalu. Inu mumaona zithunzi pa telefoni n'kuyasamula. Ine ndinali ndisanaonepo nsabwe ili ngati kamba. Tinaitola pakolala ya mnzathu wina, iye akukana kuti si yake. Nditaika diso, mayo! Zikhadabo zokowera ngati mbedza, ubweya, magazi a mnzathuyo akuyenda m'mimba mwake ndikuona! Ndinalumpha n'kugwetsa benchi. Kuyambira pamenepo ndinkayenda maso ali pansi. Kamwa ndiye inali nkhani ina. Ena ndi otafuna, monga mphemvu, chiswe ndi nankafumbwe, amenewo ndi adani a nyumba ndi nkhokwe. Ena ali ndi mlomo wa singano, udzudzu, utitiri, nsikidzi, amenewo ndi adani a thupi. Ukaona zouluka zikutuluka pamzati, gwira imodzi. Ikakhala ndi chiuno chomanga ngati namwali, tinyanga topindika ngati chigongono, ndi nyerere, mwini nyumba agone. Ikakhala yopanda chiuno, tinyanga toongoka, mapiko onse ofanana, ndi ngumbi, ndiye kuti chiswe chili m'mitengo, denga likubwera pamutu.

Panalinso a pfuko lina, kangaude ndi nkhupakupa. Amenewo miyendo inayi uku, inayi uku, tinyanga alibe. A Fabiyao ankati, “Awa si abale a nsikidzi, ndipo mankhwala awo si amodzi. Yamba wawerenga miyendo, bomba pambuyo.” Mawu amenewa ankandiuza ine kawirikawiri kuposa anzanga, ngakhale pamene sitinkakamba za tizilombo.

Pondiyesa, anandiikira mabotolo patebulo, ine n'kumatchula mwini aliyense ndi pobisala pake. Anandisankha. Ndinasangalala, koma chimwemwe chake chinali ngati ndiwo zopanda mchere, chifukwa kumsika Luwisa anali atasiya kubwera.

Tsiku lina m'mawa ndikutsuka bomba, ndinamva kumbuyo, “Achimwene, fungo lija simunasiyebe?”

Anali Luwisa, ataonda. Sanaseke nthabwala yake yomwe. Anati Roza malungo amubwereranso, maso achita chikasu, ndipo gombeza linapsa kalekale koma akulumidwabe, tsopano ndi amayi omwe. Anamasula mfundo ya nsalu yake natulutsa kabango kotseka ndi thonje.

“Ndamva kuti tsopano mumadziwa tizilombo. Izi ndazitola pamene amagona Roza. Si pamphasa ayi, m'fumbi lapansi. Mundiuze zoona, a Tomasi. Ngati ndi zanu, nenani kuti ndi zanga.”

Ndinakhuthulira m'mbale. Tinthu titatu, tiwiri tating'ono ngati mapira, kamodzi kokulirapo. Ndi maso okha, tating'onoto ukanalumbira kuti ndi nsikidzi zokhuta. Ndinabwereka lenti. Ndinayamba ndi kumutu, kufuna tinyanga. Palibe. Mutu weniweniwo sukuoneka, wabisala kunsi kwa thupi. Chifuwa ndi mimba palibe polekanira, kathumba kamodzi basi, khungu lamakwinya ngati la chule. Ndinakatembenuza ndi kaudzu n'kuwerenga. Inayi uku. Ndinapuma. Inayi uku.

“Oyitu!” ndinakuwa mpaka odwala anasuzumira pawindo. “Isanu ndi itatu! Luwisa, si nsikidzi! Si zanga! Taona wekha!”

Ndinaiwala ndi ulemu womwe, kumutchula dzina ngati mlongo wanga. Anaika diso palenti, nabwerera m'mbuyo akulavula. A Fabiyao anafika pang'onopang'ono monga mwa masiku onse, anayang'ana, nkhope n'kusintha.

“Nkhufi,” anatero. “Nsikidzi imakusowetsa tulo, koma malungo opita n'kubwerera ndi a iyi. Imakhala m'fumbi, imatuluka kudzayamwa n'kubwereranso pansi. Dedete wa pakhoma siimudziwa n'komwe. Koma mwana wanga, kumtunda kwanu kozizira kuja nkhufi yafikako bwanji? Kwabwera mlendo wa kuchigwa?”

“Amjomba,” anatero Luwisa.

“Ali ndi kansupa kapena kachitini kamene salola munthu kukhudza?”

Luwisa anagwira pakamwa. Anati anawaonapo kuseri kwa nkhokwe, ataothera dzuwa, atapinda malaya, akugwedezera kansupa pamkono. Iye ankayesa ndi mankhwala a nyamakazi.

A Fabiyao anatifotokozera. Anthu a m'njira ya amtengatenga amakula akulumidwa ndi nkhufi, thupi n'kuzolowera. Koma amati ukachoka kwanu nthawi yaitali thupi limaiwala, ndipo pobwerera malungo amakugwetsa ngati mlendo. Ndiye akamapita ulendo amatenga nkhufi za kwawo m'kansupa, n'kumazidyetsa pamkono kuti magazi asaiwale kwawo. Kwa iwo ndi chitetezo. Kwa mwana wa kumtunda amene sanalumidwepo, ndi imfa.

Pamenepo m'mutu mwanga munawala chinthu china, ndipo chinanditentha kuposa moto wa gombeza. Munthu woweta nkhufi pamkono pake angaisokoneze ndi nsikidzi? Paja anaitswanya msanga ndisanaione!

Ndinanyamuka. A Fabiyao anandigwira lamba wa kabudula. “Ukupita kuti wopanda bomba? Ukapita wekha ukamenya munthu, mwana n'kufa, mkazi n'kukutaya. Tipita mawa, mwa ntchito. Iwe ukalowa m'nyumba ngati woyendera.”

“M'nyumba mwa apongozi?”

“Nkhufi ilibe apongozi.”

Tinapita panjinga, ine nditanyamula sefa ndi thumba la ufa wina wonunkha chuku, umene unali wa nkhufi. Luwisa anali atatsogola kukauza amayi ake. Tikufika, ana anayamba kanyimbo kawo kaja, koma ataona yunifolomu ya a Fabiyao anakameza. Choyamba a Fabiyao anaona Roza, nauza bambo ake kuti amubereke tsiku lomwelo kupita naye ku Vila kukabayitsa jakisoni. Kenaka panabuka vuto la ine. Azimayi anayamba kung'ung'udza, mkamwini, wothamangitsidwanso, alowe kuchipinda kwa apongozi? Zinayamba zaoneka kuti? Abiti Amini anatuluka, nakakhala kuseri kwa nkhokwe atafunda nsalu kumutu, natuma mawu kudzera mwa Luwisa, monga mwa mwambo.

“Amayi akuti wolowayo si mkamwini, ndi chipatala. Alowe.”

Ndinavula nsapato pakhomo. Ndinalowa ngati munthu wolowa m'tchalitchi ndi tchimo. Ndinayamba ndi mphasa, kuunika m'mizere yake. Nsikidzi imasiya timadontho takuda ndi malaya ake ofundula. Munalibe. M'ming'alu ya khoma, munalibe. Ndinagwada n'kuyamba kusefa fumbi lapansi, kuchokera kukhomo kupita kumoto. Kukhomo kunalibe kanthu. Pogona Roza, ziwiri zitatu. Pofika patsinde pa mzati, pafupi ndi mafuwa pamene dothi limakhala lofunda, sefa inachita kuyenda yokha. Zazikulu, zazing'ono, ana ndi adzukulu. Ndinakweza maso. Pamwamba penipeni pankalendewera thumba la chikopa cha mbuzi.

Ndinalipachula n'kutuluka nalo, sefa kudzanja linalo. Mudzi wonse unali pabwalo. Che Bonomali anaimirira.

“Iwe! Wakupatsa ndani chilolezo chogwira thumba langa?”

“Silinatsegulidwe, Che Bonomali,” anatero a Fabiyao. “Mutsegula ndinu.”

“Sinditsegulira thumba langa anyamata onyamula zigubu za azungu.”

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka mawu. Ulendo uno Abiti Amini sanatume munthu, anayankhula okha, mokweza, ine ndili pomwepo, azimayi mpaka anagwirana mikono.

“Achimwene, mwana wanga ali kumsana kwa bambo ake, sindikudziwa ngati abwerere. Tsegulani thumbalo.”

Anatsegula. Munali fodya, mpeni, kansalu, ndi kansupa kotseka ndi chitsononkho. Chitsononkhocho mbewa inali itachidya mbali imodzi, bowo loti chala n'kulowa. A Fabiyao anagwedezera kansupako m'mbale, ndipo zinagwamo zofanana ndendende ndi za m'sefa.

“Izi ndi zanga,” anatero Che Bonomali, mawu atatsika. “Sizipweteka munthu. Bambo anga ankayenda nazo, agogo anga ankayenda nazo. Ndi mankhwala.”

“Kwa inu,” anatero a Fabiyao.

Ine thupi lonse linali litatentha. Pakhomo pomwepo panali munsi womwe uja, utatsamira mtondo watsopano. Ndinauona, Luwisa anaona kuti ndauona, anthu anayamba kufutukuka. Wina ananong'ona kuti, “Lero kuli maliro.” Ndinayenda, koma ndinaupitirira. Ndinakatenga udzu ndi chikuni chamoto kukhitchini, n'kusonkha pabwalo, pamalo akuda paja panapsera gombeza langa, poti udzu unali usanamerepo. Kenaka ndinabwereka lenti, kutola nkhufi imodzi ndi kaudzu, n'kukaima pamaso pawo, pafupi moti ndinkamva fungo la fodya wawo. Chifikireni m'mudzimo ndinali ndisanawatchulepo mwachibale. Tsiku limenelo ndinawatchula, mokweza kuti ndi akuseri kwa nkhokwe amve.

“Amjomba, nsikidzi ili ndi miyendo itatu uku, itatu uku. Iyi werengani nokha, galasi ndi ili, ngakhale inu simukulisowa, poti mwana woyamwa pamkono panu munamudziwa tsiku lomwe lija ali pachikhadabo. Gombeza sindikukulipiritsani, linafunda mlamu wanga, linagwira ntchito yake. Moto ndi uwu, ndasonkha pamalo panu pomwe. Ine kansupa kanu sindikakhudza, muponyemo ndi dzanja lomwe lija. Mukatha musakhale pansi, amjomba, dzuwa likadalipo. Mutenge ndodo yanu, mukandilozere pomanga nyumba.”